Tisanakoke nthambo kapena kuyala paipi, tidziwe wogulitsa, wolipira ndi ndalama yake

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya ntchito zikuluzikulu zolumikiza dziko lino ndi anansi athu pa magetsi, mafuta a galimoto ndi gasi. Nkhanizi zikatuluka, chimene chimamveka kwambiri ndi makilomita, mamiliyoni a madola ndi tsiku loika mwala wa maziko. Koma chimene chimachedwetsa kapena kupha ntchito zotere kawirikawiri si zitsulo ayi. Nthambo ya magetsi ndi paipi ya mafuta zili ngati ndowa. Ndowa yatsopano sibweretsa madzi pakhomo ngati pa kiyosiki pauma, kapena ngati mayi alibe yolipira pampopi. Wokonza mapulani ayambe wayankha kuti wogulitsa ndani, walonjeza zochuluka bwanji, tidzamulipira ndi ndalama yanji, ndipo kumapeto kwa mzerewo kuli chiyani cholandirira katunduyo.

Chitsanzo chili pakhomo pomwe: mzere wa magetsi wa 400 kV (mavoti 400,000) wochokera pa siteshoni ya Matambo ku Tete kufika pa Phombeya ku Balaka, wotalika makilomita pafupifupi 218, mwa amenewa 76 ali m'dziko muno. Kumanga mzere wotere ndi ntchito ya zaka ziwiri kapena zitatu. Koma World Bank idavomereza koyamba ndalama za ntchitoyi mu 2007, ndipo zidabwerera osagwira ntchito chifukwa boma la nthawi imeneyo lidaona kuti zolipira zake n'zokwera. Mu 2013 a Joyce Banda ndi a Armando Guebuza adasainirana mgwirizano wina, ndalama zidavomerezedwanso mu 2019, mwambo wokhazikitsa ntchito pa Phombeya udachitika mu 2022, ndipo chichokereni apo tsiku lomalizira lasunthidwa kangapo. Pa zaka 15 zimenezo palibe phiri kapena mtsinje umene udatitsekereza. Nkhani idali mtengo, pangano ndi ndalama. M'zaka zomwezo Nyanja ya Malawi idatsika mu 2016 ndi 2017, magetsi a pa Shire n'kuchepa, tidachita kubwereka majenereta a dizilo amene yunitsi yake ndi yodula kwambiri kuposa ya madzi, ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira n'kutichotsera megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, tilibe khomo lokapalako moto.

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi pamene pagona nkhani. Tiyerekeze kuti tikugula megawati 50 usana ndi usiku. Pamwezi wa masiku 30 amenewo ndi mayunitsi 36 miliyoni. Titangoika mtengo wongoyerekeza wa masenti 10 a dola pa yunitsi, kuphatikizapo yodutsira pa nthambo za eni ake, bilu yake ndi madola 3.6 miliyoni mwezi ndi mwezi. Mapangano ambiri otere amalembedwa kuti magetsi amene wasungitsa uwalipire ndithu, uwatenge usawatenge, popeza wogulitsayo wabweza makasitomala ena chifukwa cha iwe. Tsono ESCOM imatolera makwacha, pa mtengo umene MERA, bungwe loyang'anira mitengo ya magetsi ndi mafuta, yavomereza, pomwe bilu imabwera m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Bilu yomwe ija ikadachoka pa K4.2 biliyoni kufika pa K6.1 biliyoni, osaonjezerapo yunitsi ngakhale imodzi. Ndipo kukhala ndi makwacha n'kwina, kupeza madola kubanki n'kwinanso. Oitanitsa feteleza, mankhwala ndi mafuta ali pamzere womwewo.

Matendawa ali ndi mankhwala, koma amamwa pangano lisanasainidwe. Pamafunika akaunti yapadera imene gawo la ndalama za mayunitsi limalowamo tsiku ndi tsiku osakhudzidwa ndi zina, kalata ya banki yotsimikizira malipiro a miyezi iwiri kapena itatu, ndi chilembo cha Reserve Bank chonena kuti madola a bilu ya magetsi adzapezeka pa tsiku lakutilakuti. Lamulo la mitengo lilole kusintha msanga kwacha ikagwa, osati kudikira miyezi ngongole ikutupa. Makampani amene amagulitsa katundu kunja, a migodi, shuga ndi tiyi, angathe kulonjezedwa magetsi osazima n'kumalipira gawo lina m'madola. Wogulitsa akaona kuti zonsezi palibe, amakweza mtengo kuti adziteteze, kapena amaika ndime yomulola kudula magetsi bilu ikangochedwa masiku owerengeka.

Nanga magetsiwo alipo? Anthu akamva za Tete amaganiza za Cahora Bassa ndi megawati ake 2,075. Koma gawo lalikulu la magetsi amenewo lidagulitsidwa kale ku South Africa pa pangano la zaka zambiri, ndipo limayenda pa nthambo yakeyake ya makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Damu lina la ku Tete komweko, la Mphanda Nkuwa, la megawati 1,500 silinamangidwe. Choncho pangano lisiyanitse bwino magetsi olonjezedwa ndithu ndi magetsi a "tikakhala nawo tikupatsani". Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pa Southern African Power Pool, mgwirizano wogulitsana magetsi wa mayiko a kummwera kwa Africa, umene umayendetsedwa ku Harare, pali msika wogula lero magetsi a mawa, koma umafuna kuti uikiretu ndalama ya chikole, ndipo nthambo zikadzaza oyamba kudutsa ndi a mapangano a nthawi yaitali. Chaka cha chilala aliyense amathamangira kumsika komweko, ndipo mtengo umakwera nthawi yomwe ukuufuna kwambiri.

Chaka cha 2024 chidaonetsa chinthu chimene mapulani athu sachiwerengera mokwanira. Madzi a ku Kariba adatsika mpaka abale athu ku Zambia ankakhala maola 20 patsiku opanda magetsi, pomwe Nyanja ya Malawi idadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Madzi ambiri a nyanja yathu amachokera kumpoto, m'mitsinje ngati Ruhuhu, Songwe ndi South Rukuru, kumene mvula sitsatana kwenikweni ndi ya kumtunda kwa Zambezi. Ndiye mzere wolumikiza usakonzedwe ngati wogulira pokha. Pakati pa usiku, mafakitale atatseka ndipo mabanja agona, komanso masana dzuwa likamapereka megawati 60 ku Salima ndi 20 ku Golomoti, pamapezeka maola amene tingagulitse n'kupeza madola olipirira magetsi a madzulo. Kuti zitheke, mamita a pamalire aziwerenga mbali zonse ziwiri, chilolezo chogulitsa kunja chikhalepo, ndipo pakhale anthu ophunzitsidwa kuika mitengo pamsikawo m'mawa uliwonse. Siteshoni ya Mpatamanga pa Shire, ya megawati oposa 350, imene sinayambebe kupanga magetsi, idalinganizidwa kuti izisunga madzi n'kumatulutsa mphamvu zambiri nthawi imene anthu akuphika ndi kuyatsa nyali, ndipo magetsi a maola amenewo ndiwo odula pamsika wa chigawo chino. Koma nawonso adzalowera pa Phombeya. Siteshoni ya Phombeya ikhala khosi la dziko lonse, ndipo thiransifoma yaikulu ikapsa, yina kuti ipangidwe kufakitale n'kufika kuno masiku ano imadya chaka kapena ziwiri. Thiransifoma yosungira igulidwe pamodzi ndi zinazo, iikidwe pa maziko ake pomwepo, osati kudzayamba kuitanitsa utsi utafuka kale.

Pali za umisiri zina zosaoneka pamwambo koma zotha kuzimitsa dziko. Gridi yathu kwa zaka zonsezi yakhala payokha, makina onse a pa Shire akuzungulira mogwirizana pa liwiro limodzi la 50 Hz. Makina amodzi a ku Kapichira, a megawati 32, akaima mwadzidzidzi chifukwa namasupuni ndi zinyalala zatseka zitsulo zosefera madzi, liwiro la makina enawo limatsika ndipo madera ena amayenera kudulidwa. Tikalumikizidwa, gridi yaikulu ya kummwera imatigwira dzanja pa zoterezi, ndipo limeneli ndi phindu lalikulu losawerengedwa kawirikawiri. Koma vuto limatembenuka. Chachikulu chimene tingataye nthawi imodzi sichikhalanso makina a megawati 32, chimakhala mzere wonsewo. Mphezi ikauomba cha m'ma 6 koloko madzulo ukunyamula megawati 100, makina a Nkula ndi Tedzani sangatseke mpata umenewo m'masekondi awiri. Pamafunika ma relay, tizipangizo todula tokha mizere yosankhidwiratu liwiro likatsika kufika pa mlingo wakuti, kusiya ya zipatala ndi mapampu a madzi, ndipo dongosolo limeneli liyesedwe tsikulo lisanafike. Komanso mzere wautali wa 400 kV ukanyamula katundu wochepa, voteji imakwera kumapeto kwake. Pa makilomita 218 pamafunika zipangizo zotchedwa ma reactor zokwanira kumeza mphamvu yoposerayo, apo ayi chitetezo chizingodula mzere usiku uliwonse katundu akachepa.

Ndipo magetsi akafika pa Phombeya sanafike pakhomo. Mzere wa 400 kV wopita ku Nkhoma, wa makilomita 173, umene udamangidwa ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation n'kutha mu 2018, ulipo. Koma megawati atsopano sangadutse pa thiransifoma ya m'tauni imene idadzaza kale. Ndalama za mizere ya 132 kV, 33 kV ndi 11 kV zizikhala m'bajeti yomweyo ya ntchito yaikuluyo, apo ayi tizilipira madola pa magetsi amene sitingawafikitse kwa wogula.

Nkhani ya malo ndi imene timaipeputsa kwambiri. Mzere wa 400 kV umafuna mpata wa mamita pafupifupi 50 m'lifupi wopanda nyumba kapena mitengo yaitali. Pa makilomita 76 amenewo ndi mahekitala 380, ndi nsanja zachitsulo pafupifupi 190 ngati zatalikirana mamita 400. Nsanja iliyonse yaima m'munda mwa munthu. Ndondomeko yake ndi yodziwika: kuyeza njira, kulengeza tsiku lotsekera kalembera pamaso pa mafumu ndi ofesi ya DC, kuwerenga nyumba, makola, mitengo ya mango, zitsime ndi manda, kuika mtengo, kulipira, kenako kontirakitala alowe. Chimalakwika n'chakuti kalembera amachitika chaka chino, chipukuta misozi n'kubwera patatha zaka zitatu. Pofika apo ndalama ija sigulanso malata amene idawerengedwera, mnyamata amene adali pasukulu wakwatira n'kumanga pamalo pomwepo, ndipo mwini munda wina wamwalira, abale akukangana kuti lilembedwe dzina la yani. M'madera a chikamwini ngati Mwanza, Neno ndi Balaka munda ndi wa mayi ndi mbumba yake, koma wolemba akathamanga amangolemba bambo amene wamupeza pakhonde. Ndalama ikatuluka m'dzina la mkamwini, mwini mbumba amabwera kudzaimitsa ntchito, ndipo sakulakwa. Malo a nsanja zisanu zokha akatsekerezedwa, nthambo singakokedwe pa gawo lonselo, ndipo tsiku lililonse limene makina a kontirakitala angokhala amalilipiritsa. Akaphonya chilimwe, mvula ya Disembala mpaka Malichi imatseka tinjira ta kumunda, chaka chapita. Chipukuta misozi chilipidwe pasanathe miyezi ingapo kalembera atatha, ndipo chikachedwa mitengo iwerengedwenso. Tionjezere kuti mabauti a zitsulo za m'munsi mwa nsanja akhale osamasuka kapena owotchereredwa mpaka mamita angapo m'mwamba, chifukwa nsanja imene yabedwa zitsulo zopingasa imagwa ndi mphepo yoyamba n'kukoka inzake.

Mzere wa mayiko awiri umakhala ndi makontirakitala awiri, malamulo a msonkho awiri ndi ngongole ziwiri, koma sugwira ntchito mpaka nsanja yomaliza itaima. Mzere wolumikiza Kenya ndi Tanzania, umene uyenera kupitirira mpaka ku Zambia, udayatsidwa kumapeto kwa 2024 mbali ya Zambia yopita ku Nakonde isanamangidwe, ndiye magetsi a kum'mawa sakadatha kufika kummwera ngakhale wogula ndi wogulitsa adalipo. Pangano lizinena kuti amene wachedwa mbali yake alipira chiyani kwa mnzake amene wamaliza ndipo wayamba kubweza ngongole.

Ku mafuta nkhani ndi yomweyi, koma apa tikufuna kutsutsa mawu amene amabwera nthawi iliyonse mizere ikatalika m'malo omwetsera mafuta, akuti tingomanga paipi basi. Tiyeni tiwerenge. Dziko lino limagwiritsa ntchito malita pafupifupi 2 miliyoni a petulo ndi dizilo patsiku. Pa thankala ya malita 35,000, amenewo ndi matankala 57 oyenera kulowa tsiku lililonse, ndipo ngati kupita ndi kubwera kukutenga masiku 10, ndiye kuti matankala 570 ali pamsewu nthawi zonse. Zikumveka ngati paipi ndiye yankho. Koma paipi ya mainchesi 8 imasunga malita pafupifupi 32,000 pa kilomita iliyonse. Pa mtunda wa makilomita 800 kuchokera kudoko, pamafunika malita 26 miliyoni ongodzazira paipiyo dontho loyamba lisanatuluke kuno. Amenewo ndi mafuta a masiku 13, ogulidwa ndi madola, amene adzakhala m'nthaka moyo wonse wa paipiyo. Ndipo pa muyeso wathuwu mafuta angamayende osafika mita imodzi pa sekondi. Petulo ndi dizilo zikamatsatana m'paipi imodzi, pamene zakumanapo zimasakanikirana. Ulendo ukatalika ndipo liwiro likachepa, zosakanikiranazo zimachuluka, ndipo zimafuna thanki yakeyake chifukwa sungazithire m'galimoto. Onjezanipo masiteshoni opopera ofuna magetsi osazima, ndi alonda oyendera njira yonse kuopa oboola.

Mtengo wa paipi sutsika chifukwa mafuta achepa. Ngongole yake imagawidwa pa malita amene adutsa, ndiye akachepa, lita iliyonse imasenza zambiri. Paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, idamangidwa mu 1968 njira ya kummwera itavuta chifukwa cha boma la azungu la Rhodesia, ndipo kumapeto kwake kudali migodi ya kopa yomwa mafuta ochuluka. Kuyambira 2023 ikunyamula dizilo woyengeratu. Ya ku Beira yopita ku Feruka, pafupi ndi Mutare, ndi yaifupi, yosafika makilomita 300, ndipo imadyetsa Zimbabwe ndi ena a kumtunda. Ife paipi ingatipindulire pokhapokha mafuta athu ataphatikizidwa ndi a chigawo cha Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, pa pangano losainidwa lonena malita amene aliyense adzapititse pachaka, paipi isanagulidwe.

Pakadali pano chimene chili m'manja ndi njanji. Njanji ya Nacala yodutsa pa Nayuchi, Liwonde ndi Nkaya idamangidwa kale molimba kuti izinyamula malasha a ku Moatize. Sitima ya mabogi 25 a malita 40,000 imabweretsa malita 1 miliyoni, ntchito ya matankala pafupifupi 29. Mu 2024 sitima ya mafuta idafikanso ku Kanengo patatha zaka zoposa 20. Kuti usakhale ulendo wa pamwambo wokha, pamafunika zinthu zazing'ono zosakopa kamera: mabogi okwanira, kanjanji kolowa m'depoti, mapampu otsitsira mabogi angapo nthawi imodzi kuti sitima isagone masiku atatu, malo osungira mafuta athu padoko, ndi pangano lolembedwa lopatsa sitima za mafuta nthawi yake pakati pa sitima za malasha. Njira zonse zitatu, ya Nacala, Beira ndi Dar es Salaam, zizigwira ntchito chaka chonse ngakhale ina ili yodula. Namondwe wa Idai adatseka Beira mu Malichi 2019, ndipo zipolowe zotsatira chisankho cha ku Mozambique kumapeto kwa 2024 zidasokoneza misewu ya kumeneko. Njira imene mwaisiya kwa chaka simungaitsegule m'sabata imodzi. Malo a m'mathanki a padoko amakhala atatengedwa ndi ena, mapepala a pachipata atatha, ndipo eni matankala atapita kwina.

Nkhokwe za NOCMA, kampani ya boma ya mafuta, ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zimakwana malita 60 miliyoni, mafuta a mwezi umodzi zitadzaza. Koma nkhokwe si chimanga. Titangoyerekeza dola imodzi pa lita, kuzidzaza ndi madola 60 miliyoni, ndipo mafutawo ayenera kumatuluka ena akulowa, chifukwa petulo wokhalitsa amaonongeka ndipo pansi pa thanki pamaunjikana madzi. Lamulo la MERA limati mtengo wa pampu usinthe ngati mtengo wofikitsira mafuta kuno wasintha ndi 5 peresenti. Lamuloli likaimitsidwa kuti anthu apume, kusiyanako sikusowa. Kumasanduka ngongole kwa oitanitsa, ndipo woitanitsa wa ngongole sangadzaze thanki. Musanationetse mapulani a mathanki atsopano, tiuzeni kuti m'amene alipowa muli mafuta a masiku angati, ndipo chiwerengerocho chizilengezedwa sabata ndi sabata.

Za gasi sitichulutsa. Wa ku Rovuma kumpoto kwa Mozambique amapita kunja pa sitima za m'madzi kuchokera pa Coral Sul, fakitale yoyandama panyanja, kuyambira 2022, ndipo ntchito yomanga fakitale ya pamtunda ku Afungi idaima mu 2021 zigawenga zitaukira Palma. Paipi ya makilomita 865 yochokera ku Temane ku Mozambique idamangidwa chifukwa ku Secunda ku South Africa kudali fakitale ya Sasol yokonzeka kugula kwa zaka zambiri, ndipo ya ku Mtwara ku Tanzania ili ndi masiteshoni a magetsi a Kinyerezi kumapeto kwake. Ife wogula wamkulu chotero tilibe. Gasi ameneyo atifike ngati magetsi pa nthambo. Gasi wophikira wa m'masilinda ndi wina, amabwera pa matankala, ndipo chimene akufuna ndi mathanki osungira, masilinda ochuluka ndi malo odzazira pafupi ndi anthu amene lero akudalira makala.

Pamene zonsezi zingagwire ntchito lero ndi pa mzere umene ukukambidwa wolumikiza Chipata ndi Nkhoma. Zambia imayendetsa mizere yake yaikulu pa 330 kV, ife pa 400 kV, ndiye pafunika thiransifoma yosinthira, ndipo tigwirizane msanga kuti ikhala mbali iti, aigula ndani ndipo aisamala ndani. Chipata ili kumapeto kwa mzere wautali wochokera ku Pensulo, choncho uyesedwe kuti ungatulutse megawati angati voteji osagwa. Ndipo njira yake idutsa Mchinji ndi Lilongwe, kumene minda ndi yothinana ndipo nyumba zikumera tsiku ndi tsiku. Njirayo iyezedwe, ilengezedwe ndi kulipiridwa panopa, mafumu a m'deralo akudziwa malire ake, kusiyana n'kudzapeza masitolo ndi matchalitchi atamangidwa pamene payenera kuima nsanja.

Ndife,
Mainjiniya a zamagetsi ndi zamafuta,
Blantyre ndi Lilongwe